Lachisanu limene linagwera pa Eke

Ndinapita kukagula mashoko a galimoto pa kashopu kena ka masipeya mu Lilongwe, ndipo ndinapeza mwini wake ali pa foni, akukalipa m'chinenero chakwawo, chala atachikhomerera pa kalendala yopachikidwa kuseri kwa kauntala. Anyamata ake amamutchula kuti Oga. Kwawo ndi ku Nigeria, mtundu wake ndi Igbo, koma kuno wakhalitsa moti Chichewa amachita kunenerera nacho mitengo. Tsiku limenelo kasitomala analibe naye ntchito. Chala chinkatsika pa mzere wa Lachisanu, kuima, kutsikanso, uku mawu akukwererakwerera.

Podikira ndinayamba kuiyang'anitsitsa kalendalayo. Inali yochokera kwawo, yokhala ndi zithunzi za akuluakulu ovala zipewa zofiira. Pansi pa deti lililonse panali kamawu kakang'ono: Eke, Orie, Afo, Nkwo, kenako Eke kachiwiri, choncho mpaka kukafika mu Disembala.

"Pepani achimwene," anatero atadula foni. "Bambo anga anatisiya. Thupi lili ku mochale, ndiye tikulimbana za tsiku loika."

Nditamupepesa anandifotokozera. Abale ake a ku Lagos ndi a ku London anali atagwirizana Lachisanu linalake, poti ndi pamene apantchito angapeze mpata, ndipo iye tikiti ya ndege anali atagula kale. Koma abambo ake aang'ono kumudzi atawerenga anapeza kuti Lachisanulo likugwera pa Eke, ndipo kwawoko munthu saikidwa m'manda pa Eke. Lachisanu lotsatira linali Nkwo, tsiku la msika wa m'mudzi mwawo, pamene theka la mudzi limakhala lili pa malonda. Ndiye anakankhira pa lachitatu lake, la Afo. Apo ndi masabata awiri owonjezera olipira ku mochale, kuphatikizapo chindapusa chosinthira tikiti.

"Koma inu si mumapemphera ku Anglican?" ndinafunsa.

"Kwambiri. Ndipo abusa ndi amene adzayendetse mwambo wonse. Koma osati pa Eke."

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa ndi kuwerenga za kawerengedwe ka masiku ka Aigbo, ndipo ndafika pa maganizo amene okonda chikhalidwe ena sangakondwe nawo. Akamatamanda kalendala imeneyi, makamaka ophunzira, amathamangira ku mbali yake yowala: miyezi 13, mayina a mizimu, mfumu yopatulika yolengeza chaka chatsopano. Mbali imeneyo ndi imene inafooka. Imene yapirira mpaka kudzafika pa kauntala ya masipeya mu Lilongwe ndi yaing'ono, ya fumbi la pamsika, ndipo anaisunga ndi amayi ogulitsa tsabola, mafuta a kanjedza ndi nsomba zouma, popanda amene anawapatsa udindowo.

Aigbo kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Nigeria, m'zigawo za Anambra, Enugu, Imo, Abia ndi Ebonyi, ena kutsidya kwa mtsinje wa Niger m'chigawo cha Delta, enanso ku Rivers. Ndi anthu ochuluka kuposa Amalawi tonse. Sabata yawo yamakolo amaitcha izu, ndipo ili ndi masiku anayi okha: Eke, Orie (ena amati Oye), Afo ndi Nkwo. Onsewa ndi masiku a msika. Mudzi uliwonse uli ndi tsiku lake, ndipo dzina la msika limangokhala tsikulo ndi dzina la malowo. Msika waukulu wa mumzinda wa Awka, likulu la Anambra, ndi Eke Awka. Wa ku Nnewi, wotchuka dziko lonse la Nigeria ndi masipeya a galimoto ndi njinga zamoto, ndi Nkwo Nnewi. Sindingadabwe kumva kuti mashoko anga aja anadzera komweko.

Nzeru yake ili pa kagawidwe ka masikuwo. Midzi yoyandikana siilimbirana tsiku. Ngati wathu ndi Eke, wa kutsidya kwa mtsinje umatenga Orie, wa kuseri kwa phiri Afo, winawo Nkwo. Tangoganizani mayi amene wakama mafuta a kanjedza dzulo. Pa Eke ayala pa msika wakwawo. M'mawa mwake alawirira ndi dengu pamutu kupita kutsidya, kumene mafuta akusowa koma nsomba zatchipa. Pa Afo nsombazo akazigulitsa kuseri kwa phiri n'kubwerako ndi miphika kapena mchere. Pa Nkwo mwina apite kumunda. Kukacha ndi Eke, ndipo gudumu layambiranso. Katundu wovunda msanga sagona masiku ambiri, wogula amadziwa kokapeza chimene akufuna, ndipo palibe msika umene umapha unzake. Madera ambiri anawonjezera izu ukwu, sabata yaikulu ya masiku asanu ndi atatu, kuti pakhale Eke wamkulu ndi Eke wamng'ono, ndipo midzi isanu ndi itatu igawane m'malo mwa inayi. Ife amene tinakulira pa kabwandire tikuzidziwa pang'ono zimenezi. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu msika umatsatira tsiku, pamene kwawo tsikulo ndi msika womwewo.

Dongosolo limeneli linalibe boma loliyang'anira. Makanema a ku Nigeria anatizoloweza kuona Igwe atakhala pa mpando wagolide, anthu akugwada, koma Aigbo eni ake ali ndi mawu akuti "Igbo enwe eze", kutanthauza kuti Aigbo alibe mfumu. Midzi yambiri inkadzilamulira yokha kudzera m'mabwalo a akuluakulu, magulu a anthu a msinkhu umodzi ndi misonkhano ya amayi. Anthu osamvera mfumu imodzi, olankhula mosiyanasiyana, nthawi zina omenyana nkhondo, ankagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti lero ndi Orie. Akanasemphana pamenepo, wina akanayenda mtunda wa maola atatu n'kukapeza pamsika pali mbuzi zokhazokha.

Masikuwa analowanso m'mayina, ndipo ife mayinawo timawatchula osadziwa. Mwana wamwamuna wobadwa pa Eke ankatchedwa Okeke kapena Nweke, wa pa Orie Okorie kapena Okoye, wa pa Afo Okafor, wa pa Nkwo Okonkwo kapena Nwankwo. Wamkazi ankakhala Mgbeke, Mgborie, Mgbafor. Tonse amene tinkachemerera Nwankwo Kanu, katswiri wa mpira amene anathandiza Nigeria kutenga golide pa Olimpiki ya ku Atlanta mu 1996 asanadzasewere ku Arsenal, tinkafuula tsiku la msika. Ngakhale mtedza wa kola, umene Mwigbo sayamba kukamba nkhani ndi mlendo asanauswe, umawerengedwa ndi masiku omwewa. Ukasweka n'kutuluka zigawo zinayi, nkhope zimawala, poti misika yonse inayi yavomera.

Apa ndi pamene ndinachita kamanyazi ndi masiku athu. Lolemba ndi tsiku lolemba anthu ntchito. Loweruka ndi tsiku loweruka ku ntchito yomweyo. Pakati pake timangowerenga ngati kapitawo wa pa esiteti: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Lotsalalo ndi Lamulungu, la belu la kumishoni. Sabata yathu yonse ikununkha ntchito ya kwa mzungu ndi tchalitchi, ndipo tinaizolowera moti timaiona ngati inabwera ndi dzuwa. Aigbo nawo anailandira sabata imeneyi. Amishoni a bungwe la Anglican la CMS anafika mumzinda wa Onitsha mu 1857 motsogozedwa ndi Samuel Ajayi Crowther, Akatolika anatsatira mu 1885, ndipo lero Aigbo ndi ena mwa Akhristu olimbikira kwambiri mu Africa. Koma taonani dzina limene anaipatsa: izu uka, sabata ya tchalitchi. Anaimata chizindikiro chosonyeza mwini wake. Izu yopanda chowonjezera inatsala yawo ija ya masiku anayi.

Kuyendetsa masabata awiri nthawi imodzi kumafuna mutu. Lachisanu la Eke limabweranso pakapita masiku 28. Ndipo poti chaka cha masiku 365 sichigawika bwino ndi 4, deti limene chaka chino lili pa Eke chaka chamawa limasunthira pa Orie. Sungaloweze, uyenera kuwerenga tsiku ndi tsiku osadumpha, kapena kusindikiza. N'chifukwa chake timawu tija timakhala pansi pa madeti, ndipo masiku ano achinyamata amayang'ana pa foni.

Sabata ndi chinthu chouma mutu, ndipo maboma amphamvu analephera nayo. Ku France mu 1793 olanda boma anakhazikitsa sabata ya masiku khumi pofuna kufafaniza Lamulungu, koma pofika 1806 dziko linali litabwerera ku kalendala yakale. Soviet Union inayesa ya masiku asanu mu 1929, kenako ya asanu ndi limodzi, ndipo mu 1940 inagonja. Onsewa anali ndi apolisi ndi mfuti. Izu ilibe wapolisi ngakhale mmodzi, koma yadutsa m'manja mwa atsamunda, amishoni, masukulu ndi nkhondo, ndipo ikadali kusintha matikiti a ndege.

Nthano ya kumene masikuwa anachokera ndimaikonda chifukwa siidzikweza. A ku Nri, mudzi wakale wa Aigbo, amasimba kuti tsiku lina kwa mfumu yawo kunafika alendo anayi atasenza madengu a nsomba. Mfumu inawalonjera, iwo duu. Inawapatsa kola, osanena ngakhale mayina awo. Usiku atagona, mtumiki wina wochenjera anatenga khoswe n'kumulowetsa m'dengu la woyamba. Khoswe atayamba kukukuta nsomba, mmodzi wa alendowo anadzidzimuka n'kuitana mnzake kuti, "Eke, dzuka, khoswe walowa m'dengu lako!" Mtumiki uja anasamutsira khosweyo m'dengu lachiwiri, ndipo linamveka dzina la Orie. Anachita choncho mpaka onse anayi anadziwika. M'mawa mfumu inawalonjera aliyense ndi dzina lake, ndipo iwo anaisiyira masiku anayi ndi misika inayi, n'kuzimiririka. Mitundu ina imati nthawi inatsika kumwamba ndi mabingu. Kwa Aigbo inafika wapansi, dengu pamutu, ikununkha nsomba, ndipo anaiulula ndi khoswe.

Nri yomweyi ndi imene imasunga mbali yaikulu ija, ya miyezi ndi chaka. Ndi mudzi wa m'chigawo cha Anambra umene mfumu yake, Eze Nri, inalibe asilikali. Mphamvu yake inali ya mwambo. Anthu ake ankayenda m'midzi yakutali atanyamula ndodo ya mtendere, kukatsuka malo amene pachitika malaulo ndi kukaveka anthu maudindo. Zamkuwa zodabwitsa zimene Thurstan Shaw anafukula ku Igbo-Ukwu, pafupi ndi Nri, mu 1959 ndi 1960, za m'zaka za m'ma 800, akatswiri ambiri amazilumikiza ndi chikhalidwe chimenechi. Chaka chilichonse cha mu Febuluwale Eze Nri amachita mwambo wa Igu Aro, kuwerenga chaka, pamene amalengeza kuti chaka chatsopano chayamba n'kugawa mbewu ya zilazi kuti anthu akayambe kulima. Mwezi amati onwa. Malinga ndi zimene katswiri wina wa chikhalidwe, Angulu Onwuejeogwu, analemba ku Nri, miyezi ilipo 13, kuyambira Onwa Mbu mpaka Onwa Uzo Alusi, ndipo ingapo ili ndi mayina a mizimu ikuluikulu: Onwa Agwu, wa mzimu wa asing'anga, Onwa Ifejioku, wa mzimu wa zilazi, Onwa Ana, wa nthaka imene amailemekeza ngati mayi.

Chinali chinthu chanzeru. Chaka chinkamangidwa pa chilazi, mbewu imene Aigbo amaitcha mfumu ya mbewu zonse. Mpaka lero cha mu Ogasiti kapena Seputembala midzi imachita Iri Ji, mwambo wodya zilazi zatsopano, ndipo kale munthu sankaloledwa kulawa chilazi chatsopano wamkulu wa mudzi asanadye choyamba, chowotcha, choviika m'mafuta a kanjedza. Ine ndimaona kuti lamulo limeneli linkatetezanso munda. Nthawi ya njala munthu amafuna kufukula zosakhwima, ndiye mwambo unkagwira dzanja limene mimba inkalituma.

Koma chaka chotere chimadalira pakamwa pa munthu mmodzi, ndipo pakamwa pamodzi n'posavuta kutseka. Mu 1911 Angerezi anakakamiza Eze Nri Obalike kuti alengeze poyera kuti wasiya mphamvu zake za mwambo pa midzi ina. Kenako kunabwera sukulu ndi matemu ake, msonkho ndi chaka chake, malipiro a pakutha pa mwezi wa mzungu, Khirisimasi ndi Isitala. Igu Aro ikuchitikabe, magule amavinidwa, andale amabwera kudzajambulitsa. Koma Oga nditamufunsa kuti tili m'mwezi wanji wa Chiigbo, anaseka n'kunena kuti zimenezo ndikafunse ku Nri. Nditamufunsa tsiku, sanayang'ane n'komwe pa khoma. Kuti uphe izu uyenera kutseka pakamwa pa mayi aliyense wa pamsika uliwonse, ndipo palibe bwanamkubwa amene anakhalapo ndi manja ochuluka choncho.

Ndiye pali chithunzi chimene chimazungulira pa intaneti, chokonzedwa bwino: masiku 4 ndi izu imodzi, izu 7 ndi mwezi wa masiku 28, miyezi 13 ndi masiku 364, kuwonjezera tsiku limodzi kumapeto. N'chokongola, koma chikomekome cha mkuyu. Onwa ndi mwezi weniweni wa kumwamba, ndipo umenewo umatenga masiku 29 ndi theka. Ukamawerenga 28 nthawi zonse, pakatha miyezi khumi wasemphana nawo ndi masiku 15, ndipo tsiku limene ukuti mwezi ukuoneka kumene umakhala uli wathunthu, ana akusewera pabwalo. Mlimi amene ankayang'ana kumwamba sakanalola bodza lotero. Miyezi 12 ya kumwamba ndi masiku 354, operewera 11 pa chaka cha dzuwa, choncho aliyense wotsatira mwezi amayenera kulowetsa wina wowonjezera pakapita zaka ziwiri kapena zitatu kuti asadzale nthawi yolakwika. Ntchito ya ansembe inali imeneyo, kuyang'ana mwezi, mvula ndi mitengo, kukangana, kenako kugamula. Ndipo midzi inkagamula mosiyana, monga mmene Iri Ji imachitikira masiku osiyana mpaka lero.

Kalendala ya 13 kuchulukitsa ndi 28 yosalala bwino ilipo ndithu. Anaikonza Mngerezi wina, Moses Cotsworth, mu 1902, ndipo kampani ya Kodak inkaigwiritsa ntchito m'maofesi ake kuyambira 1928 mpaka 1989. Imeneyo ndi kalendala ya wowerengera ndalama. Ndimadandaula ndikaona ana a Aigbo akufinyira nzeru ya makolo awo m'bokosi lotero pofuna kuonetsa azungu kuti nafenso tinali ndi masamu. Analidi nawo masamu, ovuta kuposa amenewa, oyenera kugwirizanitsa msika, mwezi ndi mvula, zinthu zitatu zosamverana. Kutenga kawerengedwe ka ku Nri n'kukalengeza kuti ndi ka Aigbo onse n'kupatsa mfumu anthu amene anakana mfumu.

Amene akuganiza kuti masiku a msika ndi nkhani ya tomato basi akumbukire 1929. Angerezi anali atayamba kukhometsa msonkho amuna mu 1928, ndipo m'misika munkamveka mphekesera zoti amayi ndi otsatira. Mu Novembala 1929 m'mudzi wa Oloko, mfumu yoikidwa ndi boma, Okugo, inatuma Mark Emereuwa kukawerenga anthu ndi ziweto. Anapeza mayi wina, Nwanyeruwa, akukama mafuta a kanjedza, n'kumuuza kuti awerenge mbuzi, nkhosa ndi anthu a pakhomo pake. Mayiyo anamufunsa ngati amayi ake omubereka anawerengedwapo. Anagwirana pakhosi. Amayi a ku Oloko anatumiza masamba a kanjedza ku midzi yoyandikana, ndipo mudzi uliwonse wolandira unatumiza kwa unzake. M'masabata ochepa amayi zikwizikwi a m'zigawo za Owerri ndi Calabar, Aigbo pamodzi ndi Aibibio ndi mitundu ina, anali atazinga makhoti ndi nyumba za mafumu a boma. Asilikali anawombera, ndipo amayi oposa 50 anafa. Angerezi anazitcha zipolowe za mumzinda wa Aba, eni ake amati Ogu Umunwanyi, nkhondo ya amayi, ndipo pambuyo pake boma linasintha dongosolo la mafumu oikidwawo. Analibe wailesi, analibe foni, ambiri sankadziwa kulemba. Anali ndi njira zimene ankayenda masiku anayi alionse, ndipo aliyense ankadziwa kumene anzake adzapezeke mawa. Njira zomwezo zinadyetsa mabanja pa nkhondo yapachiweniweni ya Biafra, kuyambira 1967 mpaka 1970, pamene amayi ankazemba usiku kudutsa pakati pa asilikali kukasaka mchere ndi chakudya, malonda amene anawatcha afia attack.

Sindikufuna kukometsera zonse. Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo yoyamba ndinaiona ndi maso: ndalama za Oga zinapita chifukwa cha tsiku. Iye ali nazo. Mlimi wosauka amene thupi la mayi ake likudya ndalama ku mochale podikira tsiku loyenera sangaone kukoma kwa mwambo. Kumadera ena munthu womwalira pa Eke ankaganiziridwa kuti anali ndi mlandu ndi mizimu, ndipo banja linkasenza manyazi pa chinthu chimene palibe amasankha. Imeneyo ndi nkhanza, ndipo abusa amene analimbana nayo sanalakwe. Chimene sindivomereza n'chakuti poti Eke ali ndi zoletsa zopweteka, ndiye masiku onse anayi atayidwe ngati zamafano. Lamulungu nalo linali ndi zoletsa zake zopweteka, ndipo m'Chingerezi mayina a masiku amene abusa amalengezera mapemphero ndi a dzuwa, mwezi ndi mizimu ya Aroma ndi Ajeremani akale. Palibe amene anadulidwa mumpingo chifukwa chotchula Thursday.

Mfundo yachiwiri ndi yolemerapo, yakuti izu nayo ikufa, kungoti pang'onopang'ono. Nkwo Nnewi ndi Eke Awka masiku ano amatsegula pafupifupi tsiku lililonse, dzina linangotsala pa chikwangwani. Okafor ndi Okeke anasanduka mayina a banja, moti munthu angakhale Okafor atabadwa pa Nkwo. Ana amakono akutchedwa Chinedu, Chioma, Ngozi. Choipitsitsa n'chimene chinachitikira dzina la Mgbeke. M'kalankhulidwe ka m'matauni a ku Nigeria, mgbeke ndi mkazi wachimidzi, wosadziwa kuvala, wosachangamuka. Dzina limene linali la agogo a anthu ambiri, amayi omwe aja anagwedeza boma la atsamunda, lasanduka chitonzo m'kamwa mwa adzukulu awo.

Zonsezi n'zoona, koma zikungotsimikiza mfundo yanga. Izu ikufooka pamene yalandidwa ntchito, ndipo ikulimba pamene ntchito ikadali nayo. Kumidzi misika ikuyendabe ndi masiku ake. Maukwati amwambo, maliro, misonkhano ya m'mudzi, kuveka maudindo, zonsezi sizigamulidwa popanda kufunsa kuti tsikulo ndi lanji. Choncho amene akufuna kuipulumutsa asataye mphamvu pa misonkhano ya m'mahotela yokambirana tsiku limodzi la chaka chatsopano cha Aigbo onse. Ateteze misika. Mu Ogasiti 2017 boma la Imo, pansi pa bwanamkubwa Rochas Okorocha, linagwetsa msika wa Eke Ukwu mumzinda wa Owerri, eni mzindawo akukana kuti ndi msika wa makolo awo. Tsiku limodzi la mathirakitala linawononga zambiri kuposa maulaliki a zaka makumi. Msika ukasamutsidwa n'kupatsidwa dzina la wandale, tsiku limatsala lopanda pokhala.

Ndipo anthu a kumeneko aphunzira mwa njira yowawa kuti wolamula tsiku amalamula anthu. Kuyambira Ogasiti 2021, gulu la IPOB lofuna dziko la Biafra litalengeza kuti Lolemba lililonse anthu azikhala pakhomo pokwiya ndi kumangidwa kwa mtsogoleri wawo Nnamdi Kanu, Lolemba linasanduka tsiku la mantha. Gululo linadzanena kuti layimitsa lamulolo, koma amfuti anapitiriza kulikakamiza, misika ndi masukulu n'kumatsekedwa. Nalo linakhala tsiku loletsa, monga Eke. Koma Eke anthu anamusunga zaka mazanamazana popanda wowaloza mfuti, pamene Lolembali linkafunika zipolopolo sabata iliyonse kuti liime.

Patapita miyezi iwiri ndinabwereranso pa shopu ija, ulendo uno kufuna mabuleki. Oga anali atabwerako, mutu atameta. Anati maliro anayenda bwino, anthu anadya, abusa analalikira, abambo aang'ono anakhutira. Kenako anandifunsa deti limene ndinabadwa, n'kutokosa pa foni yake.

"Afo," anatero. "Achimwene, inu ndinu Okafor."

Anyamata a pa shopu anafa nazo kuseka, ndipo mpaka lero ndikangotulukira amakuwa dzina lomwelo. Ndinayesa kugwiritsa ntchito ubale watsopanowu kuti anditsitsireko mtengo wa mabuleki. Anapukusa mutu n'kuloza pa khoma.

"Lero ndi Nkwo, Okafor. Tsiku la msika wakwathu sititsitsa."